Kusinthitsa kulanti ya Hilux pa kagaraja ka ku Limbe: ntchito ndi yabwino koma mudikira

Amene muli ndi mapikapu ndipo mumatsika ku Chikwawa kapena ku Nchalo pafupipafupi, izi ndi zanu. Pali kagaraja kena ku Limbe kuno, kopanda ngakhale chikwangwani, ka mdala wina amene amagwira ntchito ndi anyamata ake ophunzira, nde ndi komwe ndinakasinthitsa kulanti, madzi amankhwala oziziritsira injini aja, mu Hilux yanga ya injini ya dizilo ya D4D, ija ya 2.5. Kunena mosapsatira ntchito anaigwira bwino kuposa magaraja ena opaka penti yonyezimira aja. Dzina sinditchula, chifukwa pali zinanso zimene sizinandisangalatse ndipo ndizinena pompano, sindikufuna kuyalutsa munthu woti wandithandiza.

Vuto linali loti geji ya kutentha kwa injini inayamba kusuntha pokwera mapiri aja kuchokera pa Thabwa kubwera ku Blantyre, makamaka nditanyamula katundu. Siinkafika pofiira ayi koma inkadutsa pakati, ndipo amene mumayendetsa Toyota mukudziwa kuti singano ija ikangochoka pamalo pake ndiye kuti zinthu zatentha kale. M'kathanki ka pulasitiki muja munali zinazake zofiirira ngati tiyi wa mkaka wosasa, osatinso pinki. Galimotoyi ndinagula kwa munthu ndipo zikuoneka kuti mwini wake woyambayo ankangothira madzi apampopi basi.

Chinthu choyamba chimene chinandikhalitsa pansi, zenizeni kukhala pansi pa thayala, n'choti mdalayo anakana kugwira galimoto itangofika. Anatsegula boneti, anagwira payipi yapamwamba ndi kunsana kwa dzanja nkuti, "Abwana, pitani mukadye kaye chipisi, iyi tiigwira ikazizira." Ine ndinali ndi changu, ndinati bwanji osangokutira kapu yotsekera madzi a injini ija ndi chiguduli nkumasula mmene amachitira anthu pamsewu. Anangondiyang'ana nkundionetsa chipsera pamkono wa mnyamata wake mmodzi, akuti anapsa asanabwere kwa iwo. Madzi a mu injini yotentha amakhala opanikizika, amatha kudutsa madigiri 100 osawira, nde ukangomasula kapu amawira kamodzi nkukulumphira kumaso pamodzi ndi nthunzi. Komanso kuthira zozizira mu injini yoti ikutentha si zabwino kwa hedi, chigawo chapamwamba cha injini, ya D4D ndi ya aluminiyamu pamene buloko, chigawo chapansi, ndi yachitsulo, sizifufuma mofanana.

Itazizira anaika beseni pansi nkumasula kapulagi kapulasitiki kokhala pansi pa rediyeta. Apa ndi pamene amakaniko ambiri amathera, amakhetsa za mu rediyeta, kutseka, kuthira zatsopano, ndalama m'thumba. Koma rediyeta siyisunga zonse, madzi ochuluka ndithu amatsalira mu buloko ndi m'mapayipi a hita. Mdala uja anatuma mnyamata kulowa pansi kukamasulanso pulagi ya m'mbali mwa injini, ndipo zimene zinatuluka mmenemo nde zinali zonyansa kuposa zoyamba zija, matope a dzimbiri okhaokha, pansi pa beseni panatsala tinthu tambiri tokhakhala ukagwira ndi chala. Injini iyi imamwa malita pafupifupi 10, nde ngati wina wakusinthirani kulanti ndi chigubu chimodzi cha malita 5 nkukuuzani kuti yadzadza, dziwani kuti theka la zakale zija mwabwerera nazo kunyumba.

Kutsuka anabwereza kangapo. Kuthira madzi, kuliza injini mpaka itenthe, kudikira izizire, kukhetsa, mpaka madzi anayamba kutuluka oyera. Apa nde tsiku linathera. Ndinafunsa za mankhwala otsukira rediyeta aja amagulitsa m'mashopu a sipeya, iwo anati pa galimoto yoti yakhala nthawi yaitali ikumwa madzi wamba sawakonda kwenikweni chifukwa nthawi zina dzimbiri lomwelo ndi limene latseka timabowo, ukalichotsa ndi mankhwala amphamvu mawa lake rediyeta iyamba kudontha. Kaya ena muli ndi maganizo ena, koma kwa ine zinamveka. Madzi otsukira omaliza sanatunge pampopi, anandituma kukagula madzi a batire, osati asidi chonde, madzi oyera osungunula aja.

Pa nkhani ya madziyi mdalayo anayankhula mpaka malovu kuuma. Akuti magalimoto ambiri amene amabwera kwa iwo kuchokera kuchigwa amakhala atathiridwa madzi a pa mjigo, ndipo tonse tikudziwa kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, ngakhale kumwa kumavuta. Mcherewo umakakamira mkati mwa timachubu ta rediyeta, timachubuto timachepa, madzi sayenda bwino, komanso umadya zitsulo. Anthu amati kulanti ndi ya kumayiko ozizira kuti madzi asaundane, kuno kulibe chipale nde ntchito yake n'chiyani. Kusaundanako ndi mbali imodzi chabe. Kuno chimene tikugula ndi mankhwala oteteza dzimbiri amene ali mmenemo, ndi kukweza mlingo umene madzi amawirira. Madzi okha amawira pa madigiri 100 kunyanja yamchere, kumtunda ngati kuno amawira asanafike ndi pomwe, koma kulanti yosakaniza theka ndi theka pamodzi ndi kapu yabwino imapirira kudutsa 120.

Kulanti ndinabwera nayo ndekha, ya Toyota yapinki ija amati Super Long Life, imene imabwera yosakaniza kale, suthiramonso madzi. Pali ina yofiira ya Toyota yomweyo imene imabwera yokhathamira, imeneyo nde umasungunula wekha. Musasokoneze ziwirizi, werengani pachigubu. Malamulo a Toyota pa yapinkiyo amati galimoto yatsopano imasinthidwa ikayenda makilomita 160,000, kenako pa makilomita 80,000 aliwonse, koma izo ndi za galimoto yoti palibe anathiramo zachilendo. Mdala uja anayang'ana chigubu changa, kuyang'ana chidindo cha pachivundikiro, nkugwedeza mutu kuti eya. Iwo ali ndi kulanti yawo yobiriwira m'zigubu zazikulu imene amathirira amene abwera chimanjamanja, ndipo apa ndi pamene ndikuti samalani. Sindikunena kuti ndi yabodza, koma sindinaone pepala lililonse pa chigubucho, ndipo mtundu pawokha sukuuza chilichonse, ndi utoto chabe, makampani amapaka mmene afunira. Zamkati ndi zimene zimasiyana ndipo ukaphatikiza mitundu yosagwirizana mphamvu yoteteza ija imatha msanga, nthawi zina mpaka kupanga phala. Bola kugula yanu pa shopu yodalirika nkupita nayo.

Tsopano pamene ndinawapatsira ulemu mdalayu ndi pa themositati, kavavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha. Ine ndinafunsa dala, chifukwa aliyense pa siteji amakuuza kuti galimoto ikamatentha ingochotsani themositati, kuno ndi kotentha siyofunika. Anaseka. Anati, "Abwana, a ku Japan aja anaika chinthuchi akudziwa kuti galimotoyi ikupita ku Africa." Anaimasula, anaiponya m'kapoto ka madzi pa mbaula ndipo tonse tinaima kuyang'ana, madzi atatsala pang'ono kuwira tinaona ikutseguka bwinobwino, anaichotsa nkuyamba kutsekeka. Ndiye kuti ndi yamoyo, anaibwezera ndi raba yatsopano. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha koyenera, cha m'ma 80 umu. Ukaichotsa injini imachedwa kutentha m'mawa, imamwa dizilo wambiri, imaperepeseka msanga, ndipo pa injini zina themositati yomweyo ndi imene imatseka kanjira kachidule kuti madzi onse adutse mu rediyeta, nde ukachotsa madzi ena amangozungulira mu injini osakazizira. Ukuti wathana ndi kutentha pamene wakuwonjezera. Ndi mtengo wa dizilo mmene ulili panowu, sindikuona chifukwa.

Kapu nayo anaikana. Raba yake inali itauma ndi kung'aluka, sipuling'i yofooka. Yanga inalembedwa 1.1 pamwamba, anati ndikagule ya nambala yomweyo osati iliyonse yongokwana. Ndi kanthu kotchipa poyerekeza ndi zina zonse koma kapu ikamapumira, madzi amawira msanga nkumatayika pang'onopang'ono iwe osaona pamene akudonthera.

Pothira anathira pang'onopang'ono, mnyamata akufinya mapayipi akuluakulu ndi manja kuti mpweya utuluke, umvekere gubudu gubudu m'kathanki. Kenako kuliza injini, hita kuika potentha kwambiri, mu Okutobala muno anthuni, ine ndili mkati kuyang'ana geji thukuta kamukamu. Anati ndiwauze mpweya wotentha ukayamba kutuluka, chifukwa hita ikamauzira zozizira injini ili yotentha ndiye kuti mwatsalira mpweya kapena madzi ndi ochepa. Anadikira mpaka payipi yapansi inatentha, kusonyeza kuti themositati yatseguka, mlingo unatsika, anawonjezera. Mpweya wotsalira ndi umene umapha mainjini ambiri akangochoka ku garaja, pamene pali mpweya palibe madzi ndipo malo amenewo amatentha okha mpaka gasketi ya pakati pa hedi ndi buloko kupsa. Anayang'ananso nthawi yaitali ngati thovu likupitirira kutuluka, akuti likamangobwera osaleka, kapena utsi woyera kumbuyo, kapena oyilo kuoneka ngati wathiridwa mkaka, ndiye kuti gasketi yapita kale ndipo kusintha kulanti ndi kutaya ndalama. Yanga inapulumuka.

Anagwiranso fani injini itazima kuti amve ngati ikulimba kapena ikungozungulira yokha, chifukwa fani za ma Hilux zimagwira ndi kalachi ya mafuta mkati ndipo ikatopa umazindikira pa mtunda, pa flati galimoto ili bwinobwino koma ukangoyamba phiri geji iyo. Yanga anati idakalipo koma ndiziimvetsera. Pakati pa rediyeta ndi ija ya eyakoni anatulutsamo udzu, nthenga, tizilombo touma ndi fumbi lambiri, anapopera madzi mofatsa kuchokera kumbuyo. Izi sanandilipiritse padera.

Tibwere ku zoipa. Nthawi. Mukapita kumeneko musapange pulogalamu ina tsiku limenelo. Mbali ina ndi ntchito yomweyo, injini siizizira chifukwa choti iwe uli ndi changu, koma mbali ina ndi yoti mdalayo amagwira magalimoto angapo nthawi imodzi ndipo foni yawo siyikhala chete, amatha kukusiya boneti ili yasa nkupita kukaona minibasi yafera pena pake, anyamata nkumangokuyang'ana chifukwa saloledwa kupitiriza okha. Pokhala palibe, ndi thayala kapena mpando wakale wa galimoto wong'ambika, mthunzi ndi wolimbirana. Azimayi amene mumayendetsa nokha, za chimbudzi musayembekezere zambiri. Lisiti kulibe, mtengo ndi wapakamwa, nde gwirizanani asanagwire sipanala. Sanandidyere ayi, ndalama ya ntchito inachepa poyerekeza ndi imene ndinagulira kulanti, koma ndinaona wina akukangana nawo chifukwa sanafunse poyamba.

Chimene chinandinyansa kwambiri ndi katayidwe ka kulanti yakale. Mnyamata ananyamula beseni lija nkukakhuthula m'ngalande kuseri, pamene pali agalu akuyendayenda ndipo nyumba za anthu zili pafupi, ana akusewera chapomwepo. Kulanti ndi poizoni weniweni, ili ndi ethylene glycol imene imatsekemera nde galu kapena mwana amatha kumwa osadziwa, ndipo imawononga impso mpaka kupha. Ndinawauza mdalayo, anati "tamva abwana" mwa ulemu wake koma nkhope inkaoneka kuti mawa achitanso chimodzimodzi. Beseni lachiwiri ndinapempha kuti athire m'zigubu zanga zopanda kanthu nkutseka. Ndipo inu amene mumasunga kulanti yotsala m'botolo la zakumwa kunyumba, chonde lekani, yapinki ija mwana angaone ngati sobo.

Ponyamuka anandiuza kuti m'mawa mwake ndisanalize ndiyang'ane kathanki, mlingo ukatsika pang'ono ndisadabwe, ndi mpweya wotsala ukutuluka, ndingowonjezera kulanti yomweyo mpaka pa mzere wapamwamba osati kudzadzitsa mpaka kukamwa. Unatsikadi pang'ono, ndinawonjezera, kuchokera pamenepo sunasunthenso. Phiri la Chikwawa ndakwera ndi matumba kumbuyo masana dzuwa lili pamutu, eyakoni ili yoyatsa, singano inangokhala pamalo pake.

Kodi ndingabwererekonso? Pa za rediyeta, themositati ndi mapayipi eya, mosakayika. Pa za magetsi kapena ma injekita a D4D ayi, alibe makina a kompyuta ndipo iwo eni ananena okha kuti zimenezo samagwira, amakutumiza kwina. Mukafuna kupita, lawirirani m'mamawa kuti injini ifike isanatenthe kwambiri, nyamulani kulanti yanu yokwana malita 10 ndi kapu yatsopano ngati yanu ndi yakale, madzi a batire otsukira, zigubu zopanda kanthu zothiramo zakale, komanso kampando ngati msana wanu umavuta. Ndipo muime pomwepo muone ndi maso anu kuti pulagi ya pa buloko yamasulidwa, chifukwa mdalayo akachokapo anyamata aja amakonda kuidumpha, ili pamalo povuta kufika.