Oyilo wa mineral, wa synthetic ndi wa galimoto: amapirira dzuwa la Okutobala ndi uti?

Amene munakwerapo mtunda wa Thabwa pa njinga yamoto masana a Okutobala, mutanyamula munthu ndi thumba la mpunga kuchokera ku Nchalo, mukulidziwa fungo limene injini imatulutsa mukafika pamwamba. Kuchigwa cha Shire nyengo imeneyi kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo njinga zathu zambiri za kabaza, za 125cc ndi 150cc, zilibe rediyeta. Zimazizira ndi mphepo basi. Mphepoyo ikakhala yotentha, inu muli mu giya 2, mtolo wonse umagwera kalita kamodzi ka oyilo kali m'injinimo.

Kalita kameneka kamagwira ntchito zitatu: kufewetsa injini, kufewetsa magiya, komanso kunyowetsa mapuleti a kilatchi. M'galimoto, giyabokosi imakhala ndi oyilo wakewake. Kusiyana konse kwa maoyilowa kumayambira pamenepa.

Ndiyambe ndi wa mineral, amene ambirife timathira chifukwa cha mtengo. Ameneyu amayengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo mdani wake wamkulu ndi kutentha kokhalitsa. Akaphikika nthawi yaitali amada msanga, amasiya utoto wakuda womata mkati, ndipo wina amauluka ngati nthunzi, n'chifukwa chake mu Okutobala mumapeza watsika pa kandodo koyezera oyilo ngakhale njinga sikudontha. Palinso china. Pa botolo la 20W-50, nambala yachiwiriyo ikunena kulemera kwa oyilo akatentha kufika madigiri 100. Kuti asapyapyale ngati madzi, amamuthira mankhwala omulimbitsa, koma mano a magiya amawadula mankhwalawa pang'onopang'ono. Mudzamva nokha: giya yolowa bwinobwino sabata yoyamba imayamba kulimba, nyutilo imasowa pa roboti, injini imalira mowuma. Pamenepo oyilo watopa, ngakhale makilomita olembedwa m'buku sanakwane.

Kodi ndiye kuti wa mineral ndi wachabe? Ayi ndithu. Injini zazing'onozi si zothamanga mopenga, ndipo mineral wabwino wolembedwa 4T, chizindikiro cha oyilo wa njinga zamoto za 4-stroke ngati zathuzi, amazisunga bwino malinga mukumusintha msanga. Ine miyezi yotentha sindidutsitsa makilomita 1,500, ndipo m'mawa uliwonse ndisanalize njinga ndimayamba ndayang'ana koyezera, njinga itaima chilili pamalo osapendekeka.

Wa synthetic, amene amachita kukonzedwa mwapadera ku fakitale, amapirira kwambiri, izi n'zosachita kufunsa. Sachedwa kuyenda injini ikangolira, sapsa msanga, sauluka kwambiri, ndipo giya imakhala yofewa mpaka tsiku lomukhetsa. Amene mumayenda maulendo aataliatali ndi katundu, monga Salima kupita ku Nkhotakota m'mbali mwa nyanja, pa njinga yatsopano yosadya oyilo, ndalama yanu sipita pachabe. Koma taganizirani izi. Injini zambiri za kabaza zilibe fyuluta ya pepala. Zili ndi kasefa kawaya, zina n'kachitsulo kozungulira kokola zinyalala. Mukamayenda m'misewu yafumbi tsiku ndi tsiku, oyilo amadetsedwa ndi fumbi ndi tizitsulo asanatope n'komwe. Synthetic sachotsa mchenga. Mukamusunga nthawi yaitali poti munagula modula, mukupera injini yanu ndi oyilo wabwino. Ndipo ngati njinga ikufuka kale utsi wabuluu, konzani marin'gi kaye.

Wa semi-synthetic, wosakaniza mineral ndi synthetic, ali pakatikati, pamtengo ndi pakupirira pomwe. Zambiri za iye ndilibe.

Amene amandipweteka mtima ndi wa galimoto. Mnzathu amaona 20W-50 kapena 10W-40 pa chigubu, n'kumati zonse n'chimodzimodzi. Koma maoyilo ambiri a galimoto, makamaka opyapyala olembedwa Energy Conserving kapena Resource Conserving, ali ndi mankhwala oterereretsa kuti galimoto isamwe mafuta ambiri. Mapuleti a kilatchi yanu akusambira mu oyilo yemweyo, ndipo iwo amafunika kugwirana. Zinandichitikira ine pamtunda womwewo: ndikuponda moto, injini ikukuwa, njinga osasuntha bwino, fungo lopserera likubwera kumapazi. Ndinali nditathira wotsala wa galimoto ya achimwene. Mapuleti onse anatuluka osalala ngati galasi. Pofuna kuthetsa vuto lomweli, ku Japan anakhazikitsa muyezo wa JASO wa oyilo wa njinga zamoto mu 1998. Tembenuzani botolo, funani JASO MA kapena MA2. Mukaona MB, ameneyo ndi wa masikuta opanda kilatchi yonyowa, musiyeni.

Wam'mabotolo a zakumwa wogulitsidwa m'mbali mwa msewu sindimuika n'komwe pampikisanowu. Alibe dzina, alibe nambala, simudziwa ngati ndi watsopano kapena wokhetsedwa m'lole n'kusefedwa pansalu.

Anzanga ena kukatentha amathamangira oyilo wolemera kwambiri, amati ndiye amagwira. Chenjerani. Wolemera kuposa amene buku la njinga yanu likunena amachedwa kukwera kumutu kwa injini m'mawa, ndipo mavavu amayamba tsiku ali owuma. Ngati buku likuloleza 20W-50 kumalo otentha, thirani. Ngati likunena 10W-30 yekha, musapikisane nalo.

Yanga ndi ya 150cc, yakalamba, ndipo imagona m'fumbi la Chikwawa. Ndimaithira mineral wa 4T 20W-50 wokhala ndi chidindo cha JASO MA, wogula botolo lomata, ndipo pokhetsa ndimatsukanso kasefa kaja ndi palafini. Ndikafika pamwamba pa Thabwa ndimaima pamthunzi mphindi khumi, injini yozimitsa, ndisanapitirire ku Blantyre.