Mapaipi a pa thanki ya njinga yamoto: kudalira maso kapena kuyesa ndi sirinji?

Mukachotsa thanki, mapaipi amakusokonezani pobwezera. Njinga zambiri zakabaza zili ndi paipi imodzi yokha yochoka pa tapu ya petulo kupita ku kabuleta (chosakaniza petulo ndi mpweya), chifukwa thanki imapumira m'chivindikiro. Zimenezo sizivuta. Vuto lili pa njinga zokhala ndi timilomo tolumikizapo mapaipi titatu kapena tinayi pansi pa thanki.

Njira yoyamba ndi ya maso. Paipi ya petulo ndi yaikulu, bowo lake pafupifupi mamilimita 6. Ya vakyumu (mpweya wokokedwa ndi injini), pa tapu zodzitsegula zokha injini ikalira, ndi yopyapyala, mamilimita 3 kapena 4, ndipo imapita pakati pa kabuleta ndi injini. Apa maso akukwanira. Koma paipi yopumira thanki ndi yotayira madzi a mvula nthawi zambiri zimafanana ndendende, ndipo apa ndi pomwe amakaniko ambiri amangolotera.

Sirinji ya kufamase, yopanda singano, imathetsa mkangano. Tsegulani chivindikiro, lumikizani kapaipi pa kamlomo kamodzi, kankhani mpweya. Ukatulukira pa kabowo kam'mbali, kunja kwa labala wotseka wa chivindikiro, imeneyo ndi yotayira madzi: paipi yake ilendewere pansi, yosapindika. Ukatulukira m'kati mwa labalayo, ndi yopumira. Pa tapu, kokani mpweya pa kamlomo kakang'ono. Petulo akayamba kutuluka pa kakakulu, mwapeza vakyumu. Pakamwa ayi, petulo si thobwa.

Kulakwitsa kumaoneka msanga. Yopumira ikatsekeka, njinga imathamanga bwino makilomita ochepa kenako n'kuzima ngati yatha mafuta, kawirikawiri pa chikweza ngati cha ku Ku Chawe pa phiri la Zomba. Mukatsegula chivindikiro mumamva "psii", njinga n'kuliranso bwinobwino. Yotayira ikatsekeka, mvula ya Januwale ya kuno imadzaza m'mbali mwa chivindikiro, madziwo n'kugwera m'thanki mukamatsegula pa filing'i siteshoni. Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, yemwe amayamwa madzi, ndiye dzimbiri silichedwa.

Maso ndi achangu, ndipo ngati munajambula ndi foni musanamasule, angakukwanireni. Popanda chithunzi, kapena njinga yogula kwa munthu yomwe inagwidwa kale ndi manja ambiri, sirinji ndiyo yodalirika. Mukazindikira, mangani tepi ya mtundu wosiyana pa paipi iliyonse.