Chovala cha lycra chopanda mutu choteteza manyenje a hatchi: ndachigwiritsa ntchito miyezi isanu

Ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha zipi, nkhani yake muimva kutsogoloku.

Ndimakhala chakumadzulo kwa Yorkshire ku England, ndipo hatchi imene ndimasamalira si yanga ndekha. Ndi yaikazi, yamtundu wa cob (mahatchi ojintcha a miyendo yaifupi), yamawanga akuda ndi oyera. Eni ake ndi mayi ena achikulire amene bondo linayamba kuwavuta, ndiye tinapangana kuti masiku anayi pa sabata ikhale m'manja mwanga, ndalama za udzu ndi za wosula nsapato tizigawana. Amene amawadziwa ma cob akudziwa kuti ulemu wawo wonse uli pa manyenje, tsitsi lalitali lija la pamwamba pa khosi, ndi pa ubweya wa m'miyendo. Yathuyi manyenje ake ankafika mpaka paphewa, okhuthala ngati chingwe cha mlaza.

Dzinja la kuno loyamba mu 2023 ndi limene linandichititsa manyazi. Tinaimeta pansi pa khosi ndi pamimba kuti isamachedwe kuuma thukuta ikagwira ntchito, ndipo popeza tinaichotsera ubweya wake, inayenera kufunda. Ndinagula chofunda cha panja, chimene kuno amati turnout rug, cha mtundu uja khosi lake ndi losokerera ku thupi, cha magalamu 300 (nambalayi imanena kuchuluka kwa zofunditsa zimene anaika mkati mwa nsalu). Ineyo ndi mwana wa ku Zomba, chiperoni ndimachidziwa, koma kuzizira kwa kuno kumandilowa m'mafupa, ndiye ndinkaganiza kuti hatchinso ikumva momwemo. Ndinkaiveka kuyambira Novembala osapumitsa. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndikaweruka kuntchito ndinkafika kukhola kuli mdima, tochi pachipumi, kuvula, kupukuta msangamsanga, kuvekanso. Pofika Febuluwale wa 2024, tsiku lina Loweruka kukuwala bwino, ndinaona kuti kuyambira pamwamba pa mapewa, paja ng'ombe zakwathu zimakhala ndi linunda, kukwera chapakati pa khosi, manyenje atha psiti. Dazi lotalika zikhatho ziwiri. Eni ake sanandikalipire. Anangosisita pamalopo n'kunena motsitsa kuti, "Amera, mwanangu." Bwenzi atangondikalipira.

Kumera amameradi, koma pang'onopang'ono, sentimita imodzi kapena ziwiri pa mwezi. Chilimwe chonse cha 2024 hatchi inayenda ndi tsitsi loimirira ngati burashi yopukutira nsapato pakati pa manyenje aatali.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumva munthu ukaima pamsipu n'kuyang'anitsitsa. Hatchi yosiyidwa panja imatha maola ambiri a tsiku mutu uli pansi ikudya, mwina mpaka maola 16. Ikaweramitsa mutu, khosi limatalika, nsalu ya chofunda imakokeka n'kukanikiza pamzere weniweni pomera manyenje. Ikadzutsa mutu, nsalu ija imabwerera m'mbuyo. Uku ndi uku, kambirimbiri pa tsiku. Chofunda chikakhala cholemera, mphamvu yokanikizayo imakulanso. Ndiye onjezanipo mafuta a pakhungu ndi mfundu zimene zimakanirira mkati mwa nsalu. Nsalu imene pogula inali yoterera imasanduka yomata, ndipo m'malo motsetsereka pa tsitsi imaligwira n'kulizula. Hatchi ikatenthedwa n'kuchita thukuta, imamva kuyabwa n'kukadzikhula pamtengo kapena pampanda, zimene zimamalizitsa ntchitoyo.

Ndinaseka ndekha nditazindikira kuti zimenezi ndinazidziwa kalekale, kungoti pamutu panga. Ndi mayi uti wakwathu amene sadziwa zimene pilo wa thonje amachita ku tsitsi la m'mphepete mwa chipumi? Tonse timagona titamanga duku loterera, ndipo tonse tinaonapo mnzathu amene mesh yokoka kwambiri inamudya tsitsi lakutsogolo. Ine wogona ndi duku la satini usiku uliwonse ndinasiya hatchi ikukwechedwa ndi nsalu yamafuta miyezi inayi yathunthu.

Choncho mu Okutobala 2024 ndinaitanitsa chovala ichi pa intaneti, pa mtengo wosafika mapaundi 40. Ndi cha nsalu yotamuka ya lycra, chimayambira kuseri kwa makutu, n'kuphimba khosi, mapewa ndi chidali. Chili ndi zipi pansi pa khosi, lamba wodutsa pakati pa miyendo yakutsogolo, ndi wina wozungulira pamimba. Mkati mwake, motsatira mzere wa manyenje ndi pamapewa, anasokereramo nsalu yoterera. Chimavalidwa pansi pa chofunda, osati pachokha, chifukwa chimalowa madzi ngati chitenje.

Ndinasankha dala chopanda mutu. Zilipo zina zophimba nkhope yonse zokhala ndi mabowo a maso, ndipo anthu okonzekera zionetsero amazikonda chifukwa hatchi imakhala yoyera bwino. Koma hatchi yathu imagona panja usiku, palibe woiyang'anira, ndipo chovala chotere chikapotoka nsalu imatha kukhala padiso usiku wonse. Sindinafune kugona ndi mtima umodzi kukhola.

Za saizi. Chofunda chake ndi cha mafiti 6 ndi mainchesi 3 (muyezo umachokera pakati pa chidali kudutsa m'mbali mpaka kumapeto kwa thako, ndipo masaizi amasiyana ndi mainchesi atatuatatu), koma chovala cha lycra sichiyendera manambala amenewo. Tebulo la ogulitsa linandilozera pa saizi ya cob. Chitafika chinali chothina pachidali, zala ziwiri zokha kulowa movutikira. Ndinabweza n'kutenga chachikulu chotsatira, ndipo kusinthako kunatha m'sabata imodzi popanda kukangana. Ngati hatchi yanu ndi ya khosi lonenepa ngati yathuyi, tengani chokulirapo kuyambira pachiyambi. Lycra wothina amagoneka tsitsi mwamphamvu n'kulithyola yekha, ndiye mwagula vuto lomwelo ndi ndalama zanu.

Tsopano zotsatira zake. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Malichi 2025, dazi silinabwerere. Tsitsi latsopano lija, limene ndinkaliopera kwambiri chifukwa lalifupi ndi limene limathyoka msanga, linapitiriza kukula mpaka linayamba kugonera mbali imodzi ndi linzake. Pamapewa, pamene dzinja loyamba lija panachita zigamba zofwifwa, ulendo uno ubweya unakhala bwinobwino. Chakumapeto kwa Januwale ndinaona kupyapyala pang'ono pamalo aang'ono pafupi ndi mapewa, koma inali sabata imene ndinadwala chimfine ndipo chovalacho chinakhala masiku khumi osachapidwa. Nditachapa, kuthothokako kunaima.

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna ogula amvetsetse, chifukwa ndemanga zambiri zimangoti "chimagwira ntchito" kapena "sichigwira", basi. Chovalachi ndi chabwino chikakhala choyera. Chikada chimakhala mdani woposa chofunda chenichenicho, chifukwa chimagwira thupi kwambiri. Ine ndimachapa m'makina ochapira kamodzi pa sabata, pa madigiri 30, ndi sopo wopanda ma enzyme, zipi nditatseka. Chimauma usiku umodzi pafupi ndi hita. Patapita mwezi ndinagula chachiwiri kuti china chikakhala pachingwe china chizikhala pahatchi, ndiye mtengo weniweni muuwerengere kawiri. Muzichiika m'thumba lochapira lotseka bwino. Ulendo woyamba sindinatero, ndipo bambo akunyumba anapita kutchalitchi ndi malaya oyera ali ndi ubweya wakuda wa hatchi pamsana. Nkhaniyo sinathe mpaka lero.

Komanso ndinene zoona, sindinangosintha chinthu chimodzi. Chofunda chosokerera khosi chija ndinachisiya. Ndinagula cha khosi lochotseka, cha magalamu 100, ndipo kukazizira kwambiri ndimaonjezera chamkati cha magalamu 200 chimene sichifika m'khosi. Khosi lake ndi la magalamu 100 nthawi zonse, ngakhale chipale chofewa chija chimene chinagwa kumayambiriro kwa Januwale 2025 sindinaonjezere kanthu. Hatchi yathanzi, yodya udzu wokwanira, imadzifunditsa yokha kuchokera m'mimba, ndipo pa madigiri 5 kapena 6 pamene ine ndikunjenjemera iyo ili phee. Ndinaphunzira kupisa dzanja pansi pa chofunda kuseri kwa phewa: pakakhala pofunda pang'ono ndi bwino, pakakhala ponyowa ndiye ndachulutsa. Tsiku lililonse lopanda mvula ndimachotsa khosi la chofunda pamodzi ndi lycra yemwe, manyenje apitidwe mphepo. Ku Yorkshire masiku otere ndi owerengeka, koma ndimawasaka ngati ndalama. Mkati mwa khosi la chofunda ndimapukuta ndi kansalu ka madzi ofunda Loweruka lililonse. Chofunda chenichenicho musachichape ndi sopo wamba kapena mankhwala ofewetsa zovala, zimaononga mphamvu yake yoletsa madzi. Ndiye mukandifunsa kuti pa manyenje amene apulumuka, gawo la chovalachi ndi lalikulu bwanji, ndinganene kuti mwina theka. Theka linalo ndi kuchepetsa kulemera ndi kusalekerera litsiro.

Pa manyenje penipenipo ndimapopera mankhwala oteretsa tsitsi kawiri pa sabata, n'kupesa ndi zala, osati chipeso. Muzisamala asafike pamsana pokhala chishalo kapena pa zingwe zogwira, zimaterera moopsa. Mafuta a kokonati ndinayesa masabata awiri, poganiza kuti chimene chimathandiza mutu wanga chithandizanso apa. Ayi ndithu. Anakoka fumbi ndi mfundu n'kupanga phala lakuda mkati mwa nsalu. Kuluka nakonso ndinayesa. Manja anga anazolowera kuluka molimba, ndipo m'mawa mwake ndinapeza titsitsi tothyoka patsinde. Anzanga ena pakhola amaluka momasuka ndipo amati zimawathandiza. Ine ndinangosiya, ndimagoneka manyenje onse mbali imodzi ndisanakoke zipi.

Zipi ija tsopano. Kuseri kwake anaikako kansalu koti kateteze khungu, koma n'kakang'ono m'lifupi ndipo kamapindika. Hatchi ya ubweya wambiri pansi pa chibwano ngati cob, zipi imaluma tsitsi pafupifupi ulendo uliwonse ngati sunaike chala kumbuyo kwake pokoka. Yathuyi itatsinidwa kawiri inayamba kudzutsa mutu m'mwamba ikangomva kulira kwa zipi, ndipo zinanditengera masabata ndi makaroti angapo kuti ikhulupirirenso. M'mawa wa chisanu, zala zitauma, kulowetsa kachitsulo kapansi ndi nkhondo. Pa chovala choyamba kachitsulo kokokera kanathyoka mu Febuluwale, panopa ndinamangapo kachingwe ka bele la udzu. Pa mtengo umenewu, zipi yolimba ndi kansalu kotambalala sizikanawasaukitsa.

Chinthu china choti mudziwe ndi mvula yoomba cham'mbali. Kumapeto kwa sabata kumene kunaomba mphepo yamkuntho yotchedwa Storm Bert, mu Novembala 2024, madzi analowera kuseri kwa makutu ndipo lycra anawakoka ngati chingwe cha nyali ya parafini mpaka pakati pa khosi. Nditafika ndinapeza nsalu yonyowa itamatirira pakhungu pansi pa chofunda chouma. Kusiya choncho masiku angapo ndi kuitana zilonda za pakhungu zija zimabwera ndi chinyezi. Kuyambira pamenepo ndimapinda m'mphepete mwa chovalacho kuti chibisale mkati mwa khosi la chofunda ndi zala zitatu kapena zinayi, ndipo kukakhala mphepo yamkuntho ndimapisa dzanja m'mawa ndi madzulo. Pa Storm Éowyn mu Januwale mahatchi onse anagona m'khola, choncho sichinayesedwe.

Musanagule, yang'anani kaye ngati vuto lilidi chofunda. Nthawi yozizira ndi nthawi ya nsabwe, makamaka pa mahatchi a ubweya wochuluka, ndipo zimakonda patsinde pa manyenje pomwepo. Hatchi ya mnzathu wina pakhola inkathothoka chimodzimodzi, iye n'kumasintha zofunda, mapeto ake dotolo wa ziweto anapatula tsitsi n'kumuonetsa mazira oyera atamatirira. Dazi la chofunda limakhala losalala, pamalo amodzi pomwe nsalu imakanikiza, ndipo nthawi zambiri hatchi siikanda. Ikakhala kuti ikudzikhula paliponse, mchira ndi khosi lomwe, itanani dotolo kaye. Kuyabwa kobwera ndi touluka ting'onoting'ono toluma ndi kwa miyezi yofunda, osati Januwale, ndipo kumafuna chovala china.

Ngati hatchi yanu ili ndi vuto la pamapewa pokha, kansalu koterera kapachidali, kaja amati bib, n'kotchipa ndipo n'kokwanira. Ngati siinametedwe ndipo ili ndi pobisala mphepo, mwina khosi la chofunda silikufunika n'komwe. Chovala ichi n'cha amene akukakamizika kuveka khosi miyezi yambiri ndipo ali ndi nthawi yochapa sabata iliyonse. Amene amaona hatchi yake kawiri pa sabata asagule.

Nsalu yake yapirira bwino. Patatha miyezi isanu yafwifwa pang'ono ndipo pamapewa pachita timinyololo ta ulusi, koma sinatamuke mopitirira ndipo msoko sunasomphoke paliponse. Zonse ziwiri ndazichapa, ndazipinda, zili m'bokosi kudikira Okutobala. Choyamba chija ndipita nacho kwa telala wina wa ku Bradford akaikepo zipi ya jekete. Sabata yatha eni hatchi anabwera ndi ndodo yawo, anayeza tsitsi latsopano ndi chikhatho, linapitirira zala zawo.