Tuwa ya magayidi awiri ku Hebron, ndalama sizinapite pachabe koma dandaulo ndili nalo

Amene mukukonza zopita ku Jerusalem ndipo simukufuna kungozungulira matchalitchi ndi mashopu a mitanda, pali tuwa ina ya tsiku lonse yopita ku Hebron, mmawa mumayenda ndi gayidi wachiyuda wokhala konko, masana mumakhala ndi gayidi wachipalestina. Ine ndinapita zinthu zisanavute mu Okutobala 2023 muja, nde musanalipire funsani kaye ngati ikuyenda, nkhondo ikangobuka matuwa otere ndi amene amayamba kuima.

Tinanyamukira pa depoti yaikulu ya mabasi ku Jerusalem, Hebron ili makilomita ngati 30 kummwera. Basi yake magalasi okhuthala osaonetsa bwino kunja, akuti ndi oti mwala kapena chipolopolo chisalowe. Zojambula panjira iwalani.

Gayidi wa mmawa anali bambo odziwa kulongosola nkhani, apo sindingamunamizire. Anatiimika pamaso pa chimpanda chachikulu chomwe anamanga Herode pa manda a Abrahamu nkuyamba ndi Genesis 23, pomwe Abrahamu anagula phanga la Makipela ndi masekeli 400 asiliva kuti aikemo Sara. Kwa iye nkhani ya malo inathera pomwepo, anagula, analipira, umboni ulipo. Mawu oti West Bank, dzina la dera lomwe muli Hebron, sanatuluke mkamwa mwake ngakhale kamodzi, amangoti Judea. Anatiuza kuti kwa zaka mazana ambiri Ayuda samaloledwa kulowa mnyumbamo, amathera pa sitepe ya 7 panja, mpaka 1967 pomwe Israel inalanda derali pa nkhondo ya masiku 6. Kenako anatilowetsa mkamyuziyamu ka ku Beit Hadassah komwe kuli zithunzi za 1929, chaka chomwe Ayuda 67 anaphedwa mu tauni yomweyi ndi anthu omwe amakhala nawo, otsala nkusamutsidwa ndi Angerezi. Zithunzi zake nzoopsa, mayi wina wa mugulu lathu anatuluka panja. Zoti mabanja ena achiarabu anabisa Ayuda mnyumba zawo tsiku limenelo anazinena, koma atachita kufunsidwa. Mukamufunsa za asilikali omwe ali pa kona iliyonse amangokulozerani zithunzizo.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi nthawi yosinthana magayidi, chifukwa awiriwa sanakumane nkomwe. Pangano la 1997 linagawa tauniyi pawiri, H1 yomwe ndi pafupifupi 80 peresenti ili mmanja mwa boma la Apalestina, H2 yotsalayo ili mmanja mwa asilikali a Israel ndipo mmenemo ndi momwe muli Ayuda mahandiredi angapo pakati pa Apalestina masauzande ambiri. Gayidi wa mmawa lamulo la dziko lake silimulola kulowa H1, wa masana saloledwa kuponda gawo la msewu wa Shuhada lomwe ife timayendamo. Nde anangotilozera chitseko chachitsulo chozungulira chija, tinadutsa tokha mmodzimmodzi pasipoti kumanja, winayo akutidikira tsidya linalo. Ife alendo a masiku awiri tikudutsa mbali zonse momasuka, eni tauni ayi.

Shuhada unali msewu wa msika waukulu, pano ndi mzere wa zitseko zachitsulo zotseka, zina zowotcherera kumene, kuli zii ngati kumanda. Gayidi wa masana, mnyamata wa nthabwala zake, anayambira pa 25 Febuluwale 1994, pomwe Baruch Goldstein, dokotala wachiyuda wa ku Kiryat Arba pafupi ndi Hebron, analowa mu mzikiti wa Ibrahimi, womwe uli mnyumba ya manda a Abrahamu ija, mwezi wa Ramadan nkuwombera anthu akupemphera, 29 anafa. Funso lake linali loti, ophedwa anali athu, nanga bwanji msewu womwe unatsekedwa ndi wathunso? Kunena zoona ndinasowa choyankha. Anatidutsitsa mu msika wakale, mukayang'ana mmwamba muli waya wa sefa wotchinga zinyalala zogwa kuchokera mnyumba za pamwamba momwe mukukhala Ayuda, mabotolo ndi mapepala zili lendelende pamutu panu anthu akugulitsa zinthu pansi.

Koma apa mpomwe ndinazindikira kanthu. Wa mmawa dzina la Goldstein sanalitchule. Wa masana 1929 sanaitchule. Palibe anatinamiza, aliyense amangolira maliro a kwawo, a mnzake nkuwadumpha.

Nyumba ya manda ija tinalowamo kawiri, makomo osiyana. Chichitikireni za 1994 inagawidwa, mbali ina sunagoge mbali ina mzikiti, Isake ndi Rebeka ali kwa Asilamu, Yakobo ndi Leya ali kwa Ayuda, Abrahamu ali pakati mkachipinda ka mawindo a zitsulo mbali zonse ziwiri. Masana nditasuzumira pa windo la ku mzikiti ndinaona windo lomwe ndinaimapo mmawa, pali munthu wa kachisoti kumutu akupemphera, pakati pathu galasi loletsa zipolopolo. Masiku 10 okha pachaka mbali iliyonse imapatsidwa nyumba yonse. Azimayi ku mzikiti amakubwerekani chovala chofunda mpaka kumutu, nsapato mumavula nonse.

Nkhomaliro tinadya kwa banja lina, maqluba, mpunga wa nkhuku ndi mabiringanya omwe amagudubuza poto yense pa mbale pamaso panu. Yokoma heavy, koma ndi yolipira padera ndipo kampaniyo sinanene bwino polembetsa, tengani ma shekel mthumba.

Dandaulo langa lenileni ndi nthawi. Tinataya pafupifupi ola mu shopu ya magalasi owumba ndi masikafu a keffiyeh, pomwe funso lalikulu loti kodi dziko la Palestine lidzakhalapo linangopatsidwa mphindi zochepa tikuthamangira basi. Wa masana nditamufunsa anaseka, akuti mapangano a Oslo a 1993 a pakati pa Israel ndi Apalestina anali oyembekezera zaka 5 zokha, mpaka pano Area C yomwe ndi pafupifupi 60 peresenti ya West Bank idakali mmanja mwa Israel. Wa mmawa anali atayankha kale kuti boma la Apalestina pa mapiri oyang'ana Jerusalem kwa iye ndi kudzipha. Basi, zinathera pomwepo, panalibe munthu wa kampani woti atikhazike pansi tikambirane zomwe taona, aliyense anakwera basi mutu uli gwaa.

Ndikuipatsa 4 pa 5. Ana ang'ono musatenge. Valani nsapato zoyendera, Lachisanu ndi Loweruka pewani, ndipo kapepala kabuluu komwe amakupatsani pa eyapoti mmalo mwa chidindo kasachoke mu pasipoti, asilikali a pa chitseko chija amakafunsa.