Valavu ndi yabwino, koma wa pakauntala ananditayitsa masese a chinkhoswe

Shopu iyi ya zipangizo zofululira mowa kuno ku Joni ndaipatsa nyenyezi zitatu chifukwa cha bambo wachikulire amene amakhala kuseri kwake. Zikanakhala za mnyamata wa pakauntala yekha, ngakhale imodzi sakanaiona.

Ndinkafuna mpopi woika m'munsi mwa poto wanga wa malita 50, chifukwa kutunga phala lotentha ndi jagi kunanditopetsa. Ndinagula valavu ya stainless, kachitsulo ka mazinga kodutsa pabowo, nati, mawasha ndi paipi ya silikoni, zonse R600 ndi kanthu, osawerengera ya taxi kuchokera ku Rosettenville. Mitengo yawo mukuidziwa kale, sachotserako.

Mnyamatayo ndi wakwathu komwe, ndinamuzindikira ndi kayankhulidwe. Ndinamufotokozera bwinobwino m'Chichewa kuti ine sindifulula mowa wa azungu woonekera mbali ina uja, ndimafulula masese, ufa wa mgaiwa ndi chimera cha King Korn. Iye maso ali pafoni anangoti, "Madala, hafu inchi imatulutsa chilichonse, osadandaula." Anandiponyera zinthuzo m'jumbo osaziyesa n'komwe ngati zikulowana.

Mowa umene ndinkafululawo unali wa chinkhoswe cha mwana wa alamu anga ku Turffontein. Phala litapsa ndinatembenuza chogwirira. Linatuluka kamzere konga chala cha mwana, kenako ziii. Gaga anali atatseka. Ndinatokosa ndi waya, linalavula kamodzi n'kutsekanso. Ndili pakati polimbana nazo ndinamva kutentha pachala chaphazi: phala likuchucha pamazinga, pomwe valavu imakumana ndi kachitsulo kaja, likuyenderera pasimenti kulowera kukhomo la landilodi. Ndinamanga ndi sipanala mpaka dzanja kuwawa, osasintha, pamene tepi yoyera ya mapulambala ndinali nditakulunga yokwanira pamazingapo. Mayi a kunyumba anangoima ndi chikolopa m'manja osanena kanthu, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti kukhala chete kumeneko n'kotani. Tinamaliza ndi jagi yomwe ija. Phala losachepera ndowa linathera pansi, anthu a kuchinkhoswe anamwa mopimira.

Nditabwerera kushopu, mnyamata uja anati katundu wogwiritsidwa kale ntchito sabwezedwa. Ndinakweza mawu, sindibisa. Ndi pamene anatulukira bambo aja, n'kutenga zitsulo ziwirizo, kuzipukuta, kuzipotokola ndi zala zokha. Zinalowana pang'ono n'kuuma. Valavu inali ya mazinga a NPT, a ku America, pamene kachitsulo kanali ka BSP, amene mapulambala onse kuno ku South Africa amagwiritsa ntchito. Pa hafu inchi mitundu yonse iwiri ili ndi mazinga 14 pa inchi, n'chifukwa chake zimanamiza ngati zagwirana, koma mano ake anasemedwa mosiyana: BSP madigiri 55, NPT madigiri 60. Tepi ingachuluke bwanji, zotentha zimapeza njira.

Anandionetsanso china poyang'anitsa valavuyo kuwindo. Kabowo ka m'kati mwa mpira wachitsulo umene umatsegula ndi kutseka valavuyo kanali kakang'ono kuposa kukamwa kwake, mwina mamilimita 10, ndipo kamlomo kovalapo paipi kanali chimodzimodzi. Phala silisamala zolembedwa pa paketi, limaima pomwe papanikiza. Anandipatsa ya 3/4 inchi ya full bore, yomwe njira yake ndi pafupifupi mamilimita 20 kuyambira kolowera mpaka kotulukira. Kuchoka pa 10 kufika pa 20, malo odutsapo amakula kanayi, osati kawiri. Bowo la papoto, lomwe linali la mamilimita 21, analikuza okha ndi step drill kufika 27, popanda kundilipiritsa, n'kuchotsa tizitsulo tam'mphepete kuti tisadule washa.

Apa mtima unatsikako. Panopa poto yense amakhuthuka ndisanamalize kutsuka mthiko. Valavu yatsopanoyi ndi ya zidutswa zitatu, umamasula mabauti anayi n'kuitsuka m'kati, ndipo mukaona zimene zimabisala kuseri kwa mpira mudzamvetsa chifukwa chake mowa wina umasasa usanafike tsiku. Paipi ya silikoni nayo sindikuidandaula. Kuno ku Joni madzi amawira pa madigiri 94 chifukwa tili pamtunda, komabe paipi ya pulasitiki yoonekera m'kati ija imalobodoka n'kuvuka, pamene iyi siigwedezeka. Kungoti ndinagulanso ina ya mamilimita 19, yoyamba ija inachepa.

Kwa amene amafulula wa chinanazi, uja tinaphunzira tonse mu 2020 boma litatseka mabotolo sitolo, hafu inchi ikukwanirani, bola mazinga akhale amtundu umodzi. Wa masese kapena thobwa lolimba ayambire pa 3/4, ndipo zitsulozo muzilumikize ndi manja anu pakauntala pomwepo musanapereke ndalama.

Ndalama ya kachitsulo koyamba kaja anandichotsera pa zatsopanozo, koma ya valavu yaing'ono anakana. Mnyamata uja sanapepese. Potuluka anangoti, "Yendani bwino madala," maso ali pafoni pomwe paja.