Munthu akasokonekera mutu mwadzidzidzi: thandizo la ku casualty mu Harare

Wachibale akayamba kulankhula zosamveka, kusagona tulo kapena kunena zodzipha, zipatala zaboma zothamangirako mu Harare ndi Parirenyatwa, komwe kuli Annexe (chigawo cha odwala maganizo), ndi Sally Mugabe Central, yomwe ambiri timaitchabe Gomo. Nthawi zambiri wodwala amayambira ku casualty, kolandirira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi, asanapite ku wodi ya odwala maganizo, ndipo abale amaona ngati akungowazungulitsa.

Pamenepa zipatalazi sizikulakwa. Kusokonekera mutu sikuti nthawi zonse ndi misala. Nesi akabaya chala n'kupeza shuga watsika, munthu amene amamenya anthu pakhomo amadzidzimuka akangomuika glucose mumtsempha. Amene wangobwera kumene kuchokera ku Malawi kapena ku Mozambique, thupi likutentha, ayezedwe malungo. Wa HIV amene mutu ukumuwawa ndipo khosi lauma akhoza kukhala ndi meningitis, matenda oumitsa khosi. Chidakwa chikasiya kachasu mwadzidzidzi, pakatha masiku awiri kapena atatu chimanjenjemera n'kumaona zinthu zomwe palibe. Achinyamata osuta mutoriro (mankhwala ozunguza bongo a crystal meth) nawonso amasokonekera mutu. Onsewa mukangowagonetsa ndi jakisoni n'kuwasiya, ena sadzuka.

Pamene pakuperewera ndi pa benchi yodikirira. Munthu wamantha kale amukhazika pakati pa ovulala pangozi, magazi, kulira, apolisi, mwinanso manja ali omangidwa ndi chingwe kuchokera kunyumba. Akayamba kulimbana, amuna anayi amamugwetsa chafufumimba n'kumukhalira pamsana, chonsecho kutero kumamutseka mpweya. Chofunika n'chosadula: kachipinda kabata, wachibale mmodzi, ndi nesi mmodzi wolankhula naye mofatsa, amene amufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizowo ayi.

Jakisoni wa haloperidol, mankhwala a misala okhazika munthu pansi, amagwira ntchito, koma abale sauzidwa zotsatira zake. Ena, makamaka anyamata, khosi limapindika, lilime kuuma, maso kutembenukira kumwamba. Abale amati ndi ziwanda, amathawa naye kupita kwa mneneri, pomwe mankhwala a benzhexol amathetsa zimenezi. Akamuwonjezera diazepam, mankhwala ogonetsa tulo, kapumidwe ndi BP ziyenera kuonedwa pafupipafupi, ndipo akagona agonere chammbali. Usiku manesi amachepa, choncho womudikirira asachoke.

Ngati wamwa poizoni, tengani botolo kapena paketi yake. Musamusanzitse, musamupatse mkaka. Amene wamwa mankhwala ophera tizilombo ta mbewu a mtundu wa organophosphate amadziwika ndi dovu, thukuta ndi kuchepa kwa kadontho kakuda ka m'maso, ndipo amafuna mankhwala a atropine msanga. Apa casualty ndiye malo ake enieni.

Wokana kugonekedwa sangosungidwa mwachisawawa. Lamulo la Zimbabwe lokhudza odwala maganizo, Mental Health Act ya 1996, limafuna mafomu a dokotala ndi chilolezo cha majisitireti, choncho funsani zomwe mukusaina.

Potuluka m'pamene ambiri amagwera. Mankhwala akasowa ku chipatala amakulemberani kuti mukagule ku famase ndi madola, akatha munthu amasiya, n'kubwereranso ali womangidwa. Musachoke opanda dzina la mankhwala, mlingo wake ndi tsiku lodzaonananso ndi dokotala zitalembedwa pakhadi. Kwa amene akuvutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa, agogo a Friendship Bench, yomwe Dr Dixon Chibanda adayambitsa ku Mbare, amathandiza popereka uphungu m'makiliniki a khonsolo. Koma amene wamwa poizoni kapena sakuzindikira abale ake, musamutengere kumeneko. Pitani naye ku casualty.