Ndinagula bokosi la miyala yamakedzana, koma chimene chandigwira mtima ndi riboni yake

Mdzukulu wanga wamkazi ali ndi zaka 11, ndipo chaka chino nkhani yake ndi ya ma dinosaur basi, m'mawa ndi madzulo. Pofuna kumusangalatsa ndinapempha amayi ake kuti andiitanitsire pa intaneti bokosi lija la ana asukulu, limene amaikamo miyala ndi zotsalira za zamoyo zamakedzana zimene zinasanduka miyala. Takhala nalo miyezi iwiri tsopano. Ine ndine kalipentala wopuma, munthu wa tepi ndi sikweya, choncho ndalipima monga ndinkapimira matabwa ndisanawagule.

Bokosilo ndi la katoni yolimba, logawidwa tizipinda 12, kalikonse ndi mwala wake. Mulinso kagalasi kokuzira zinthu, kamaginito, kabuku kamasamba ochepa, ndi riboni ya nsalu yokulungidwa imene tsiku loyamba tinaikankhira pambali poganiza kuti ndi yomangira bokosi. Kagalasiko ndi ka pulasitiki, kanakandika sabata isanathe, ndipo za iko ndalekera pomwepa.

Riboniyo ndi yotalika mamita 4.6, ndipo milimita iliyonse ikuimira zaka miliyoni imodzi za mbiri ya dziko lapansi. Mita imodzi ndi zaka biliyoni. Dzanja silimaiwala ntchito, ndiye ndinatenga tepi yanga n'kuiyeza. Inakwana mamita 4 ndi masentimita 63. Nsalu imatamuka, zimenezo ndikuzidziwa, koma pa riboni imeneyi masentimita atatu ndi zaka 30 miliyoni. Mwanayo anaseka mpaka misozi nditamuuza kuti afakitale atipatsa zaka 30 miliyoni za banyira.

Tinaitambasula pansi n'kuyamba kuyenda nayo. Pafupi ndi poyambira alembapo kubadwa kwa dziko, zaka 4,540 miliyoni zapitazo. Chiwerengero chimenechi si chongopeka. Mu 1956 wasayansi wina, Clair Patterson, anayeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kumwamba n'kupeza zaka pafupifupi mabiliyoni 4.55, ndipo anadalira miyala yakumwamba chifukwa dziko limasungunula miyala yake yakale n'kuiumbanso. Tinthu takale kwambiri timene tinapulumuka ndi timchenga ta zircon ta ku Jack Hills ku Australia, ta zaka 4,400 miliyoni. Kuchokera poyambira mumayenda mita yathunthu ndi pang'ono musanafike pa umboni wooneka bwino wa moyo: timilu ta miyala totchedwa stromatolite ta ku Pilbara, ku Australia komweko, timene tinawunjikidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zaka pafupifupi 3,500 miliyoni zapitazo.

Kenako mumangoyenda. Mita yachiwiri, mabakiteriya. Yachitatu, tizamoyo tating'onoting'ono tomwe ndi tomwe. Mwanayo anayamba kunyong'onyeka. "Agogo, nanga nyama zili kuti?" Ndinati tiyeni, zili kutsogolo. Tinakazipeza titatsala pang'ono kumaliza. Nyengo ya Cambrian, pamene nyama za zigoba ndi maso zinachuluka m'nyanja, ili pa masentimita 54 kuchokera kumapeto. Ndinaika sowo yanga yamanja pamenepo, inakwana ndendende. Nsomba, nkhalango zimene zinasanduka malasha, achule, ma dinosaur, njovu, zonsezo zili mkati mwa kutalika kwa sowo imodzi. Ma dinosaur ake okondedwawo anayamba cha m'ma 230 miliyoni n'kutha pa 66 miliyoni, masentimita 16, ngati pensulo imene yasongoledwa kangapo. Anthu a mtundu wathu, amene zotsalira zawo zakale kwambiri zinapezeka ku Jebel Irhoud ku Morocco ndipo ndi za zaka pafupifupi 300,000, sakwana ndi theka la milimita lomwe. Mzere umene ndinkalemba pa thabwa ndisanacheke ndi wonenepa kuposa pamenepo.

Mwanayo anakhala chete, kenako anapita kukatenga rula yake. Anapeza yekha kuti kuchokera pa Stegosaurus, dinosaur wa zaka 150 miliyoni zapitazo, kufika pa dinosaur mnzake Tyrannosaurus ndi mamilimita oposa 80, pamene kuchokera pa Tyrannosaurus kufika kwa ife ndi 66 okha. Zidole zake ziwirizi wakhala akuzimenyanitsa kuyambira ali wamng'ono, chonsecho nyamazo sizinaonanepo n'kamodzi komwe.

Pa miyala 12 ija, 11 ndi ya mu theka la mita lomalizali. Umodzi wokha ndi umene ukuimira mamita anayi oyambirira, ndipo ndi umene mwanayo sanaucheukire n'komwe: kamwala kolemera, ka mizere yofiira ndi yakuda yosanjikizana ngati pulayiwudi. Kamaginito kamakakamira pa mizere yakudayo. Kwa ine ndi kamene kaposa onse. Kalelo m'mlengalenga munalibe mpweya wa okosijeni, ndipo chitsulo chinkakhala chosungunuka m'madzi a m'nyanja. Mabakiteriya ena atayamba kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ankatulutsa okosijeni ngati zinyalala. Okosijeniyo ankakumana ndi chitsulo chija n'kuchichititsa dzimbiri, dzimbirilo n'kumadikha pansi pa nyanja, mzere pamwamba pa mzere, kwa zaka mamiliyoni mazanamazana. Cha m'ma 2,400 miliyoni zapitazo mpweyawo unayamba kuchuluka m'mlengalenga, pafupi ndi pakati penipeni pa riboni. Chitsulo chambiri chimene chimakumbidwa lero, monga cha ku Hamersley ku Australia, chimachokera m'miyala ya mtundu umenewu. Ndakhoma misomali zaka zoposa makumi atatu osadziwa kuti ndikukhoma dzimbiri limene anasiya mabakiteriya. Usiku umenewo ndinatenga msomali wa folo inchi n'kuugoneka pambali pa kamwalako, n'kumangoziyang'ana. Agogo ake aakazi anaganiza kuti ukalamba wayamba kundisokoneza.

Tsopano zolakwika, ndipo zilipo.

Trilobite, kanyama ka m'nyanja kooneka ngati mphemvu yamizeremizere, ndi kamene anakajambula pachivundikiro. Nyama zimenezi zinakhalapo zaka pafupifupi 270 miliyoni, nthawi yaitali kuposa ya ma dinosaur. Koma kathu kanandikayikitsa nditangokagwira. Kanali kopepuka, kosalala mopitirira, ndipo pamsana pake panali timaenje ting'onoting'ono tozungulira, tofanana ndi timene timatsala mu guluu akauma ali ndi thovu. Ndinatenthetsa singano n'kugunda pansi pake. Fungo la pulasitiki. Anakaumba mu chikombole n'kukamata pa mwala weniweni. Choumbidwa sindidana nacho, ngakhale nyumba zosungiramo zinthu zakale zimaonetsa mafupa oumba, koma zimalemba kuti ndi oumba. Apa pa bokosi alemba kuti zonse ndi zenizeni.

Chachiwiri ndi kachidutswa kachikasu kamene alemba kuti ndi amber, utomoni wa mitengo umene unauma zaka mamiliyoni ambiri. Tinadonthezapo mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, pamwamba pake panayamba kunanda. Amber weniweni sachita zimenezo msanga chotero. Uwu ndi copal, utomoni womwewo koma wosakhwima, umene pa riboni ukhoza kukhala kunsonga kwenikweni. Munthu wa matabwa utomoni amaudziwa.

Kumbali ina, ammonite, nyama yakale ya m'nyanja ya chigoba, ndi weniweni ndipo ndi wokongola zedi. Anamudula pakati n'kumupukuta, moti tizipinda tonse ta m'chigoba chake chopiringizika tikuoneka. Nyamayo inkakhala m'chipinda chakunja chokha, ndipo zotsalazo zinkaithandiza kuyandama. Ndi m'bale wa okutopasi, ngakhale chigobacho chimakupusitsa kuti ndi nkhono. Dzino la shaki nalonso ndi lenileni, likadali lakuthwa. Mtengo umene unasanduka mwala ndinauzindikira ndisanawerenge n'komwe, mizere yake ikuoneka bwinobwino, kungoti sowo singaulowe. Chondidandaulitsa n'chakuti pa timapepala alemba dzina lokha. Sanalembe kumene anakumba kapena zaka zake, ndiye mwana sangathe kutenga mwala n'kukauika pamalo pake pa riboni, chonsecho ntchito ya bokosi lonseli inayenera kukhala imeneyo. Tinachita kufufuza tokha n'kulemba timapepala tatsopano.

Kabuku ndiye kandikwiyitsa kwambiri. Kakuti Cambrian inayamba zaka 570 miliyoni zapitazo, riboni ya m'bokosi lomwelo ikuti 541, pamene tchati cha International Commission on Stratigraphy, bungwe limene limatsimikiza zaka za nyengo zimenezi, panopa chimati 538.8. Zakale zimakonzedwa sayansi ikamapita patsogolo, koma zinthu ziwiri za m'bokosi limodzi zizigwirizana. Dimetrodon, chinyama chija cha thanga pamsana, amuika m'gulu la ma dinosaur, pamene anatha zaka pafupifupi 40 miliyoni dinosaur woyamba asanaoneke, ndipo ubale wake uli pafupi ndi nyama zoyamwitsa. Cholakwika ichi anachigwira ndi mdzukulu wanga, osati ine.

Choposa zonse ndi chithunzi cha pakati, chojambula moyo ngati makwerero: nsomba pansi, buluzi pamwamba pake, kenako nyani, munthu pansonga atanyamula mkondo. Miyala sinena zimenezo. Zaka 252 miliyoni zapitazo, chiphalaphala chamoto chitasefukira ku Siberia, mitundu yoposa 8 pa 10 iliyonse ya zamoyo za m'nyanja inatheratu, ndipo ma trilobite omaliza anathera pomwepo. Pa 66 miliyoni chimwala cha makilomita pafupifupi 10 chinagwa ku Chicxulub ku Mexico n'kutengera limodzi ma ammonite ndi ma dinosaur onse kupatula mbalame. Nsomba sizinasiye kukhala nsomba, ndipo mabakiteriya amene anayamba pa mita yoyamba akadalipo mpaka m'mimba mwathu. Ndi mtengo wa nthambi zambiri umene wasadzidwa kangapo n'kuphukanso kwina. Kabukuko kangotchula kutha kwa ma dinosaur, za ku Siberia zija kalibe ngakhale mzere umodzi.

Kodi mugule? Ngati mwana wanu akungofuna mano ndi zikhadabo, amusangalatsa masiku atatu. Ngati muli ndi nthawi yogwada naye pansi n'kuyenda mamita anayi a mabakiteriya aja, gulani, koma kabuku mukabise, ndipo musanalipire funsani wogulitsa kuti akuuzeni zoumba ndi ziti. Ine ndinawalembera za trilobite uja masabata asanu apitawo, yankho silinabwere. Riboni ndainyowetsa, ndaiumitsa pamthunzi mpaka yabwerera pa mamita 4.6, kenako ndaimata pa matabwa awiri olumikiza kuti isatamukenso. Kumita yachiwiri ndakhomako kashelefu ka kamwala kamizere kaja, kokha.